Masiku Khumi ndi Asanu ndi Anayi

Sitinabwezebe mipando
imene tinabwereka kumadarasa tsiku lokulandirani.
Sutukesi ili pakona,
kapepala ka ndege kakulendewerabe pachogwirira,
koma ine ndayambanso kumanga katundu:
zitenje ziwiri, fulasiki, beseni losweka mlomo,
ndi envulopu ija ya zilembo za madokotala a ku India.

Anati tiziyeza mkodzo m'botolo
ndi kulemba m'kope tsiku lililonse.
Lolemba munadzaza awiri.
Lachitatu limodzi, lofiirira.
Usiku wathawu sunaphimbe n'komwe pansi pa botolo,
thupi lili juu! ngati malata a Okutobala,
mano akugundana, azana isanamveke.

Ine wa kabaza, wodziwa dzenje lililonse
kuchokera kwa M'baluku mpaka kuwoloka mlatho,
ndalephera kukunyamulani, achemwali.
Bala langa silinalole.
Ndagogoda kwa Che Jafali,
atuluka ndi kiyi osafunsa mtengo.

Tsopano tili pano pa boma, bedi la pazenera.
Adokotala achinyamata atembenuza mapepala kawiri,
aimbira ku Blantyre, atuluka panja kusaka netiweki.
Abwera. Akuti mwina ndi kachilombo chabe,
mwina thupi layamba kukana.
Akuti ambulansi ikudikira mafuta.

Azakhali akuwerenga amene anakupatsani moni wa pamanja.
Akuti ndi mango aja.
Akuti ndi fumbi la mumsewu.
Palibe amene wandiyang'ana,
koma ndikumva mbali yanga yakumanzere ikuyabwa,
pamene panali iyoyo.

Ndikuidziwa ine impso imeneyi.
Yatengera mwini wake.
Ndili mwana munkandisiya kwa amalume ku Namwera,
usiku ndinkathawa, kutsata msewu ndikulira.
Sindizolowera msanga nyumba ya eni.

Ndiye ndawerama ngati ndikukonza bulangete,
ndainong'oneza:
iwe, kuno si kwa eni.
Tinayamwa bere limodzi ndi munthu ameneyu.
Anandiphunzitsa kulemba dzina langa pamchenga ndi kamtengo,
anandimenyapo ndi chipande nditaba ndalama ya palafini.
Kumene unachoka anasokako, chitseko kulibe.
Khala.

Mayi wa bedi linalo wayamba mwambi,
akuti paja mlendo ndi mame.
Ndamupatsa nthochi kuti asamalize.

Puloti ya ku Namiyasi inapita.
Makina osokera a malemu bambo anapita.
Aphunzitsi anzanu anasonkha miyezi itatu,
ana a Sitandade 6 anabweretsa makobidi m'chitini cha mkaka.
Zonsezi sindikuwerengera.
Ndikungoti mawa ndikakumana nawo pamsika
ndidzayang'ana kuti?

Naini koloko yakwana.
Alamu ya foni yalira monga masiku onse,
siikudziwa kuti tasamuka.
Mwatsitsa masiki, mwameza timapilisi tija
togoneka asilikali a m'thupi,
mwandiyang'ana ndi maso achikasu ndi tulo:
“Imulani, wadya?”
Inu, mukufunsa ine.

Panja akabaza anzanga akuliza mabelu pageti.
Wina wandiona pazenera, wakweza dzanja, akufunsa.
Ndatembenuza chikhatho uku ndi uku.

Cha m'ma leveni anesi aitana, “Saujati Mdoka, konzekani.”
Ndikupinda zitenje,
ndipo mwandigwira malaya, mwanena motsitsa,
mwamanyazi, ngati kamtsikana m'basi:
“Uwauze adikire. Ndipatse botolo.”

Ndaima kuseri kwa katani, msana kwa inu,
ndikumvetsera monga mlimi amamvera
madontho oyamba padenga.
Si ambiri.
Ndalikweza kuwala kwa zenera,
ndayeza ndi zala: ziwiri, ndi kachidutswa.
Dalaivala akuliza hutala.
Adikire.
Ndikusaka bolopeni.